Amake Ayisi ndi Mlamu Wawo

Mumsewu wathu muli mayi wina amene tonse timawatchula kuti Amake Ayisi. Alendo amaganiza kuti Ayisi ndi mwana wawo woyamba, mpaka ena amafunsa kuti ali kalasi yanji tsopano. Mayiwo amangoti, "Ali m'firiji, akuundana," chifukwa mwana wobereka okha sanakhalepo naye. Ayisi ndi malonda awo. Ali ndi chipinda chozizira kuseri kwa sitolo ya matayala, chachitseko chokhuthala choti ukankhe ndi phewa, ndipo m'menemo amapangiramo zibuma za ayisi ndi kusungira anthu katundu wosachedwa kuwonongeka. Ine ndimagulitsa nkhuku zososola kale, ndipo kwa zaka zambiri nkhuku zanga zakhala zikugona kwa iwo. Zimene ndinene pano, zina ndinaziona ndi maso anga, zina anandiuza okha titakhala pa makireti a mabotolo tikudikira makasitomala.

Ndi mayi wamfupi, wamikono ngati ya munthu wonyamula simenti. Amavala jekete lachimuna ndi majombo ngakhale kunja kukuwotcha. Salankhulalankhula, ndipo munthu akawalakwira salalata. Amangomuyang'ana pang'ono n'kupitiriza ntchito. Wabutchala wina ananenapo pagulu kuti sikelo yawo imaba. Iwo anangopitiriza kuyeza ayisi. Koma kuyambira tsiku limenelo nyama yake inkakhala pa shelefu ya pafupi ndi chitseko, pamene pamalowa mpweya wotentha aliyense akatsegula, ndipo anthu anayamba kunong'onezana kuti nyama ya mkulu uja siichedwa kusintha fungo. Atapepesa, nyama inabwerera mkati tsiku lomwelo.

Anayamba ndi firiji imodzi yakale, akugulitsa madzi ozizira pa depoti ya mabasi. Firijiyo itawonongeka anaitana mmisiri wokonza mafiriji, munthu wamtali wanthabwala, amene anaikonza koma n'kunena kuti abweranso mlungu wamawa kudzaona ngati gasi sakutuluka. Gasi uja ankafuna kuonedwa mlungu uliwonse mpaka awiriwa anakwatirana, ndipo kuyambira pamenepo firiji sinavutenso. Bamboyo timawatchula kuti Amisiri. Chipinda chozizira anamanga ndi iwowo, ndi zitsulo zotolera kumakampani otsekedwa. Atakula anawapeza ndi matenda a shuga, ndipo mankhwala awo obaya ankakhala m'kabokosi pakona ya chipindacho, pafupi ndi nkhuku zanga.

M'nyumba mwawo munakulira mtsikana mmodzi, mng'ono wawo wa Amake Ayisi. Anamulera makolo atamwalira, kumuphunzitsa ndi thukuta la ayisi mpaka kumukwatitsa. Mwamuna wake ankagulitsa magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito pa mpanda wina wa timbendera mumsewu waukulu. Tinkawatchula kuti a Tayi, chifukwa khosi lawo palibe analiona. Kaya ndi kumaliro, kaya akusintha tayala, tayi inali pomwepo. Pakamwa pawo panali potsekemera. Akafika kuchipinda chozizira ankayambira kugeti: "Alamu anga a ine, mkazi wolemera mumsewu wonse uno, mundisiyireko kachibuma kamodzi ndikaikepo mutu."

Tsiku lina masana anabwera opanda nthabwala zambiri. Ine ndinalipo, ndikulongedza nkhuku m'thumba.

"Alamu, akaunti yanga yavuta pang'ono, kubanki akuti ndi makina. Ndiye pali kasitomala akufuna kulipira galimoto lero lomwe. Aike kwa inu, mawa tipitire limodzi mukandichotsere."

Amake Ayisi anati aganize kaye. Posakhalitsa foni inalira, anali mng'ono wawo. "Achemwali, muwathandize, kasitomala angathawe." Anavomera. Zinachitikanso kachiwiri, kachitatu, n'kumapitirira kwa miyezi. Makina a kubanki ya a Tayi sankachira. Ulendo wina anabwera ndi nsapato zachikopa zakuda, akuti za Amisiri, zofewa bwino kwa munthu wa shuga.

Kenako m'mawa wina Amake Ayisi anapita kukalipira magetsi, khadi n'kukana. Kubanki mtsikana wa pakauntala anayang'ana pa kompyuta, nkhope n'kusintha, n'kukaitana bwana wake. Bwanayo anati akaunti yatsekedwa molamulidwa ndi ofesi yofufuza za ndalama zokayikitsa, ndipo iye saloledwa kunena china chilichonse. Amake Ayisi anapita ku ofesiyo. Anapeza mlonda, benchi ndi kawindo kakang'ono. Munthu wa pakawindopo anati nkhani ikufufuzidwa, adzawaitana. Anafunsa kuti nkhani yanji. Anati imeneyo ndi mbali ya kafukufuku. Anafunsa kuti adzawaitana liti. Anati akamaliza.

Mlungu womwewo dzina lawo linatuluka m'nyuzipepala pamodzi ndi mayina a anthu amene sanawamvepo, pansi pa mawu oti oganiziridwa kuti amabisa ndalama zakuba m'mabizinesi awo. Nambala yawo yotumizira ndalama pafoni inatsekedwanso. Chiphaso cha bizinesi anachiimitsa. Hotela imene inkagula ayisi m'mawa uliwonse inasiya osatsanzika. A kampani ya mkaka anabwera ndi lole kudzatenga katundu wawo, dalaivala osafuna n'komwe kuzimitsa injini.

Amake Ayisi si opusa. Anadziwa kuti ndalama zachilendo zimene zinadutsapo mu akaunti yawo ndi za magalimoto aja. Anapita kumpanda wa timbendera. A Tayi anawalowetsa mu ofesi, kutseka chitseko, kuwagwira dzanja.

"Alamu, chinthu chimodzi chokha. Musanditchule. Mukanditchula timira tonse, ndi mng'ono wanu yemwe, ndi ana. Ine ndili ndi anthu anga mkatimo. Ndipatseni kanthawi, ndikonza."

Amake Ayisi sanawatchule chifukwa cha mng'ono wawo. Kanthawi kaja kanatalika. Ife ogulitsa nkhuku ndi nyama tinasonkha kangachepe ka magetsi, koma chipinda chozizira chimadya magetsi ngati fakitale. A kampani ya magetsi anabwera kudzadula. Tinathamangitsa katundu wathu pa mawilibala, koma mayi wina wogulitsa nyama yankhumba anali kutali kumaliro, ndipo katundu wake anatsalira mkati. Sindidzaiwala madzi ofiira amene ankatuluka pansi pa chitseko chija, ndi ntchentche zobiriwira zimene zinadzaza mpaka m'sitolo ya matayala. Anthu odutsa ankatseka mphuno n'kumati ndalama zakuba zayamba kununkha.

Amake Ayisi anatsuka chipindacho awiriwiri ndi Amisiri. Potsukapo Amisiri anaponda kachidutswa ka paipi yamkuwa. Kabala kake kanali kakang'ono, koti munthu wabwinobwino sangakatchule. Koma mankhwala obaya anali atayamba kudumphadumpha, lero alipo mawa palibe, ndipo balalo linakana kupola. Dokotala amene ankawaona kale ankafuna ndalama, ndalamazo zilipo ndithu koma zili kuseri kwa kawindo kaja. Amake Ayisi anapitanso kukapempha kuti awapatseko ya chipatala yokha. Anati palibe chimene chingatuluke mpaka kafukufuku atatha. Anakafola pamzere wa chipatala cha aliyense, ndipo pamene nthawi yawo inkakwana phazi linali litada. Mwendo wakumanja anaudula m'munsi mwa bondo.

Amisiri atatsitsimuka anati, "Basi, tsopano sokosi zizikhalitsa." Mkazi wawo sanaseke.

Amene anawalozera kwa loya ndi mayi wa nyama yankhumba uja, yemwe tinkaganiza kuti awasumira. Anati kuli gulu la maloya amene amathandiza anthu osalipiritsa, pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Ndinawaperekeza. Tinapeza mayi wochepa thupi, wa magalasi omangirira ndi chingwe, mafaelo ataunjikana mpaka pawindo. Anamvetsera osadula mawu, kenako anayamba kufunsa.

"Anakuitananipo kuti mukayankhe?"

"Ayi."

"Anakuuzani kuti mwalakwa chiyani, nanga wanena ndani?"

"Ayi."

"Ya chakudya ndi mankhwala anakusiyiraniko?"

Amake Ayisi anangopukusa mutu. A Loya anavula magalasi.

"Amayi, ofesi imeneyi ili ndi mphamvu yotseka akaunti mwadzidzidzi, zimenezo n'zoona, chifukwa akachedwa akuba amasamutsa ndalama. Koma akatseka, ayenera kukuuzani chifukwa, kukuonetsani umboni, n'kukumvani pasanapite nthawi yaitali. Sangalange munthu ndi njala asanamupeze wolakwa. Inu mwalangidwa kale, mlandu musanauone n'komwe. Tipita kukhoti. Koma mundiuze zonse. Ndalama zachilendozo zinali za ndani?"

Amake Ayisi anati ndi za wachibale, koma dzina sanalitchule. Mpaka tsiku limenelo ankamutetezabe.

Khoti linagamula mowakomera. Woweruza analamula kuti ofesi ija itulutse ndalama ya chakudya ndi chipatala mwezi uliwonse, iwaitane Amake Ayisi kuti akayankhe, ibweretse mboni zake kuti zifunsidwe mafunso, ndiponso kuti anthu amene anafufuza asakhale omwewo oweruza nkhaniyo. Anawonjezera kuti zimenezi zizichitika kwa aliyense amene ofesiyo yamutsekera akaunti. Mawu omalizawa sitinawalabadire nthawi imeneyo.

Tsiku lomva nkhani tinakwera masitepe mpaka chipinda chapamwamba cha tebulo lalitali. Kutsogolo kunakhala anthu atatu, pakati pali mayi wa imvi. Wofufuza anafotokoza za ndalama zimene zinkalowa madzulo n'kutuluka m'mawa, zochokera kwa anthu amene ankaba mafuta a galimoto m'matanki a kampani ina. Kenako anati ali ndi mboni imene inawatsegula maso poyamba, munthu wodziwa banjali bwino, amene anapempha kuti asadziwike koma khoti lakana. Chitseko chinatseguka. Analowa a Tayi.

Sanayang'ane kumene tinakhala. Anakonza tayi, n'kulumbira, n'kuyamba.

"Mayi awa ndimawadziwa. Malonda a ayisi ndi chophimbira chabe. Ine monga munthu wapafupi ndinawachenjezapo kangapo kuti anthu amene akuyenda nawo si abwino, koma sanandimvere. Chikumbumtima changa sichinandilole kukhala chete."

A Loya anawafunsa kuti anakanena liti zimenezi ku ofesi. Anatchula mwezi. Unali mwezi womwe uja anabweretsa nsapato. Ofufuza anali atayamba kununkhiza kumpanda wa timbendera, ndipo iwo anaona kuti njira yachidule n'kuloza chala kuchipinda chozizira.

Ndinali pafupi ndi Amake Ayisi. Sanalire, sanagwedezeke. Anandiuza pambuyo pake kuti bodza lonselo analimva ngati phokoso la fani, koma mawu awiri okha ndi amene anawalowa m'mafupa: "mayi awa." Munthu amene kwa zaka ankakuwa kuchokera kugeti kuti alamu anga.

Atapatsidwa mpata Amake Ayisi anaimirira n'kunena zonse, kuyambira masana aja a makina ovuta. Anapereka foni yawo kuti awerenge mauthenga a mlamu wawo owauza nthawi yokumana kubanki. A Loya anapempha zithunzi za makamera a kubanki, ndipo zitabwera pa tsiku lina, ulendo uliwonse wochotsa ndalama tayi inkaoneka pambali, dzanja litatambasuka. Inenso ndinafunsidwa, ndinanena zimene ndinamva ndikulongedza nkhuku. Anthu atatu aja anagamula kuti Amake Ayisi sankadziwa kumene ndalamazo zinkachokera. Anawadzudzula chifukwa chobwereketsa akaunti, anawalipiritsa chindapusa chochepa, n'kulamula kuti dzina lawo lichotsedwe ndipo akaunti itsegulidwe. Nyuzipepala inalemba zimenezi m'kabokosi kakang'ono pafupi ndi zidziwitso za maliro.

M'mawa mwake anavala jekete lawo, ananyamula jumbo, n'kupita kumpanda wa timbendera. A Tayi anali ndi makasitomala awiri mu ofesi. Amake Ayisi analowa osagogoda, anatulutsa nsapato yakumanja, yatsopanobe, n'kuiika pa tebulo pamwamba pa mapepala.

"Munabweretsa ziwiri. Iyi ilibe mwini. Tengani."

Anatuluka osadikira yankho. Kuyambira tsiku limenelo sanawatchulenso kuti alamu. Ankangoti uja.

Ofesi yofufuza inati iyang'ananso za a Tayi, koma umboni wa ulendo wa kubanki wokha sunali wokwanira, chifukwa iwo ankati ankangoperekeza. Amake Ayisi sanadikire. Poti chipinda chozizira chinali chikadali chotseka, anabwerera pa firiji imodzi monga poyamba, m'mawa kugulitsa madzi ozizira ku depoti, masana kusaka. Anaganiza kuti munthu amene anabwereka akaunti ya mlamu wake sangalephere kubwereka ya ena. Anayamba ndi anthu amene ankawaona ku maphwando a kunyumba kwa mng'ono wawo. Anapeza mphunzitsi wopuma ntchito amene nayenso anamvapo za makina ovuta. Anapeza namwino wina amene analira atangomva funso. Ena ankawatsekera chitseko, iwo n'kubweranso mawa lake, kukhala pakhonde ndi botolo la madzi mpaka mwini nyumba atatopa. Wofunika kwambiri anali bambo wina wachikulire amene ankatsuka magalimoto kumpanda kuja, n'kuchotsedwa ntchito atadwala msana. Anamupeza akugulitsa makala kuseri kwa msika. Bamboyo anati panali magalimoto ena amene anawatsuka kwa zaka, matayala mpaka kuphwa, koma pamapepala ankagulitsidwa mobwerezabwereza kwa anthu amene sanabwerepo kudzawaona.

Mmodzimmodzi ankawatengera ku ofesi ija, kuwalipirira basi ndi ndalama ya madzi ozizira. Wofufuza yemwe uja anawatsekera akaunti tsopano ankawathamangira ndi mpando. Iwo ankaima. Ankati, "Benchi yanu ya pansi ija ndinaizolowera, musavutike." Mkuluyo anapepesa kangapo, iwo n'kumangomulozera mboni imene abwera nayo.

Amisiri ankawaona akubwera madzulo mapazi atatupa. Tsiku lina, ine ndilipo, anati, "Amayi, mwendo subwerera."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake."

Patapita miyezi akaunti za a Tayi zinatsekedwa, magalimoto n'kuikidwa zizindikiro kuti asachoke pampanda. Tsiku limenelo Amake Ayisi anagula botolo la chakumwa chotsekemera, chinthu chimene sachita, n'kumwa pang'onopang'ono atakhala pa kireti. Ankadikira kumva kuti kunyumba kuja magetsi adulidwa, kuti uja akufola pa kawindo, kuti akuuzidwa kuti nkhani ikufufuzidwa. Zimene anamva n'zina. A Tayi anauzidwa mlandu wawo mlungu womwewo. Anapatsidwa tsiku lokayankha, anapeza loya, ndipo mwezi uliwonse ankalandira ya chakudya, ya magetsi ndi ya sukulu ya ana.

Sindinawaonepo atakwiya chotero. Anakwera masitepe a pamwamba pa sitolo ya mankhwala ngati akukathyola chitseko.

"A Loya, ndinavutikira kuti uja azidya? Ine ananditsekera ngati galu, mwamuna wanga n'kuduka mwendo. Iye akumupatsa ya magetsi?"

"Akumupatsa chifukwa cha chigamulo chanu chomwe chija, amayi. Sichinalembedwe inu nokha."

"Ndiye chifafanizeni."

"Sindingathe, ndipo ndikanatha sindikanatero. Koma tiyeni tikambe mmene inu mukufunira. Akamulanga osamumva, loya wake akachita apilo, zonse zigwa. Magalimoto amubwezera, mwinanso kumulipira chipukuta misozi, n'kudutsa pakhomo panu akuimba hutala. Akamumva mokwanira, n'kumupeza wolakwa, palibe khoti limene lingamumasule. Mukufuna ziti?"

Amake Ayisi anakhala pansi. Anapukuta nkhope ndi mkono wa jekete.

"Ndiye amumve. Amumve bwinobwino, alankhule mpaka malovu amuthere. Adye, anenepe, asadzanene kuti anayankha ali ndi njala."

Kutatsala pang'ono kuti nkhani imvedwe, mng'ono wawo anabwera kunyumba. Anali asanapondeko kuyambira Amisiri ali m'chipatala. Anagwada pakhomo la chipinda chochezera.

"Achemwali, ganizirani ana. Mukakaima kumeneko bambo awo apita kundende."

"Dzuka, pansipo sindinakolope. Ndikufunse chinthu chimodzi. Tsiku lija unandiimbira foni, unkadziwa?"

Mng'ono wawo anati, "Ndinkadziwa kuti ndalamazo si zoyera. Koma zoti akakunenezani sindinkadziwa, ndikulumbira."

"Nanga atandineneza, ine ndikutsuka magazi a nkhumba, alamu ako akuwola phazi, unkadziwa?"

Amisiri anayesa kulowererapo, akuti mwanayu tinamulera tokha. Amake Ayisi anati ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake sakamutchula dzina kumeneko, koma zimenezo ndi zomaliza zimene adzamuchitire. Anamupatsa ya basi n'kumutsegulira chitseko.

Nkhani ya a Tayi inatenga masiku angapo, m'chipinda chomwe chija cha tebulo lalitali, koma oweruza anali ena. Amake Ayisi ankafika oyamba, kukhala kutsogolo kwenikweni, manja pa mawondo. Anafuna kuti Amisiri abwere pa njinga yawo ya olumala, anthu aone. Amisiri anakana. Anati, "Ine si umboni woti muziukankha pa matayala. Pitani, ine ndili ndi firiji ya anthu yoti ndikonze."

Loya wa a Tayi anali wakuthwa. Anawapanikiza Amake Ayisi ndi mafunso m'mawa wonse, mpaka anafika poti, "Amayi, si zoona kuti mumadana ndi munthu uyu, ndipo mwayenda mzinda wonse kusonkhanitsa mboni chifukwa cha chidani?"

"Ndi zoona. Ndimadana naye kwambiri. Koma magalimoto ophwa matayala aja sindinawaike ndine pampanda."

A Tayi anapatsidwa nthawi yawo yonse. Analankhula tsiku lathunthu. Ananena kuti wotsuka magalimoto ndi chidakwa, mphunzitsi ndi wokalamba woiwalaiwala, namwino ankawafuna chibwenzi. Atafunsidwa kuti ogula magalimoto aja ali kuti, anatchula mayina, koma atapatsidwa mpata woti awabweretse, sanabwere ndi mmodzi yemwe. Amake Ayisi anamvetsera liwu lililonse. Anandiuza kuti m'moyo wawo wonse sanamvepo chinthu chokoma ngati mawu a munthu uja akuchepa pang'onopang'ono.

Oweruza anawapeza a Tayi olakwa. Magalimoto ndi mpanda zinalandidwa, analetsedwa kuchitanso bizinesi yotere, ndipo nkhani inatumizidwa kukhoti la milandu, kumene anawonjezerapo mlandu wonama atalumbira. Anachita apilo, inakanidwa. Anakakhala kundende zaka zingapo. Nyumba sanailande, akuti mukukhala ana ndipo inagulidwa kale zisanachitike izi. Amake Ayisi anang'ung'udza za nyumbayo kwa mlungu, kenako anasiya.

A Loya anawasumiranso ofesi ija chifukwa cha miyezi imene anawatsekera osawamva. Nkhaniyo inakoka nthawi, koma pamapeto pake Amake Ayisi analandira kangachepe. Anagulira Amisiri mwendo woikirira, n'kutsegulanso theka la chipinda chozizira. Hotela ija inatumiza munthu kudzafunsa ngati angayambirenso kugula ayisi. Anawagulitsa, koma pa mtengo wokwera kuposa wa wina aliyense, ndipo mpaka lero a hotelawo sadziwa chifukwa chake. Mng'ono wawo anayamba kugulitsa zakumwa zozizira pafupi ndi sukulu ina. Ayisi amagula konkuno, koma amatuma mnzake. Amake Ayisi amadziwa kuti ndi wa ndani. Amamuyezera ndendende, osawonjezera, osachepetsa, ndipo safunsa kuti kunyumba kuli bwanji.

Chaka chathachi a Tayi anatuluka. Anabwera kuchipinda chozizira masana ena ndi amalume a mkazi wawo, nkhalamba yoyenda ndi ndodo imene inachita kukwera basi kuchokera kutali. A Tayi anali ataonda, malaya akulendewera m'mapewa. Amake Ayisi anali akutsitsa zibuma m'zikombole, ndipo sanasiye mpaka atamaliza zonse. Kenako anakoka makireti atatu.

Amalume anayamba ndi mawu ambiri a ubale, kuti magazi ndi amodzi, kuti iwo akalamba ndipo safuna kufa ana a mlongo wawo asakulankhulana. Amake Ayisi anati, "Amalume, inu ndakumvani. Alankhule mwini wake."

A Tayi analankhula motsitsa. Anati anachita mantha, anthu a mafuta aja ankawaopseza, sankaganiza kuti zifika pa mwendo wa Amisiri. Anati kundende anaganiza zambiri. Anagwetsa misozi, ndipo ine ndikuona ngati inali yeniyeni. Amake Ayisi sanawadule. A Tayi atamaliza, iwo anawafunsa ngati pali china chotsala. A Tayi anawonjezera pang'ono. Anawafunsanso. Anati basi, ndi zomwezo, alamu.

"Chabwino. Ndamva zonse. Sindinakhululuke."

Amalume anatsegula pakamwa, koma Amake Ayisi anali ataimirira kale. Anauza nkhalambayo kuti ikagone kunyumba kwawo, Amisiri akaisangalalira, ndipo mawa adzaiperekeza okha ku depoti. Kwa winayo anati potuluka akankhe geti mwamphamvu, chifukwa limavuta kutsekeka.

Atapita ndinawafunsa ngati mtima wawo watsikako tsopano. Anaganiza kaye, monga amachitira akamayeza katundu.

"Pang'ono," anatero. "Bweretsani nkhuku zanuzo, zikutenthedwa."